Tsiku limene galu wa K9 anakhala pansi pafupi ndi chikwama changa

Mwana akakufunsa funso pagulu, kumavuta kunena kuti sindikudziwa. Umangoyankha, kuopa kuti anthu ali pafupiwo angakuyese mbuli. Ine zinandichitikira pa bwalo la ndege, tili pamzere wodikira kusechedwa katundu. Mwana wanga wamkazi, yemwe nthawi imeneyo anali ndi zaka 8, anandikoka malaya n'kuloza wapolisi amene ankabwera poteropo ndi galu. Kumsana kwa wapolisiyo kunalembedwa K9, ndipo kajekete kamene galuyo anavala kanali ndi zilembo zomwezo.

"Adadi, K9 ndiye kuti chiyani?"

Sindinaganize n'komwe. Ndinamuuza kuti agalu a polisi ali ndi magiredi, kuyambira K1 mpaka K9, ndipo wa K9 ndi amene anamaliza maphunziro onse, wolusa kuposa anzake. Ndinathirirapo ndemanga yakuti K1 ndi tiana ta agalu tongoyamba kumene sukulu. Mayi wina amene anali kutsogolo kwathu anacheuka n'kundiyang'ana. Ine mumtima ndinati wagoma nane.

Bodzali sindinapeke tsiku lomwelo ayi. Ndinakhala nalo m'mutu zaka zambiri, ndipo kumene ndinalitola sindikukumbukako. Linkamveka bwino, basi. Chilembo chimodzi ndi nambala imodzi zikakhala pamodzi zimaoneka ngati giredi, kapena nambala ya mfuti, kapena dzina la gulu lachinsinsi la asilikali. Ndani angatsutse?

Anatsutsa ndi mwana yemweyo. Anamuyang'anitsitsa galuyo, kagalu kofupika, ka makutu aataali olendewera, ka mawanga oyera ndi ofiirira, kakupukusa mchira ngati kapita ku ukwati.

"Koma adadi, ameneyu ndi wolusa?"

"Usamuone kuchepa," ndinatero.

Anakhala pansi

Galuyo ankayenda m'mbali mwa mzere, mphuno ili pansi. Ankagunda chikwama ichi, kudumpha icho, kubwerera pang'ono, kupitirira. Anthu sankamukhudza mtima. Sanayang'ane nkhope ya munthu aliyense. Anatidutsa ife, mtima wanga uli m'malo, chifukwa ndinalibe choti ndiope.

Atapita masitepe awiri kapena atatu anaima, mutu n'kutembenuka ngati wina wamukoka ndi chingwe chosaoneka. Anabwerera. Anaika mphuno pa zipi ya kathumba ka m'mbali mwa chikwama changa, ndipo ndinamva kapumidwe kake kakusintha, kakufulumira, fu fu fu fu. Mchira unaima. Kenako anakhala pansi. Sanauwe, sanakande, sanaonetse mano. Anangokhala, maso ali pa chikwama, thupi lonse lili gwa ngati chosema.

Ine ndinaseka. Ndinauza mwana kuti kagaluko katopa.

Wapolisi uja sanaseke. Analankhula motsitsa mawu, mwaulemu umene umakuopsa kuposa kukalipira.

"Bambo, chikwamachi ndi chanu? Musachigwirenso. Bwererani m'mbuyo pang'ono, mugwire mwanayo dzanja."

Anthu amene tinali nawo pamzere anatitalikira mwakachetechete. Mayi wondigomera uja anali woyamba. Sindinadziwe kuti anthu angathe kupatuka msanga chonchi popanda kuthamanga.

Anatitengera m'kachipinda. Anakhuthula zonse pa tebulo: malaya, nsapato, mabuku awiri, tchaja ya foni, kachidole ka mwana. Anapapasa nsalu ya mkati, anapenda zosokerera. Sanapeze kanthu. Ndinayamba kukonza m'mutu mawu oti ndiwanyoze nawo mwaulemu. Ndiye mayi wina wa yunifolomu anatenga kansalu kakang'ono, anapukuta mkati mwa kathumba kaja n'kukalowetsa m'makina. Makinawo analira. Anati apeza tizidutswa ta zinthu zophulitsira, tochepa kwambiri moti maso sangatione.

Miyendo inazizira. Mafunso anayamba. Mwalongedza nokha? Pali amene wakupatsani katundu? Mumagwira ntchito yanji? Chikwamachi munachigula liti?

Funso lomalizali ndi limene linanditsegula mutu. Chikwamacho sichinali changa. Changa chinali chitaduka lamba, ndiye ndinabwereka kwa alamu anga. Alamu angawo amagwira ntchito yophulitsa miyala.

Anandilola kuwaimbira foni onse akumva. Nditawafotokozera, alamu anaseka mpaka kutsokomola.

"Alamu, chimenechotu ndinkanyamuliramo magolovesi ndi ovolosi ya kuntchito. Koma ndi kale, chaka chatha. Achemwali anu anachichapa."

Ndinawauza kuti asiye kuseka chifukwa ndili ndi apolisi. Anasiya. Anatumiza zithunzi za chiphaso chawo cha ntchito, panaimbidwa mafoni ena, panalembedwa mapepala. Zonsezi zinadya maola pafupifupi awiri, ndipo ndege yathu inapita.

Mpira

Zimene zandilembetsa nkhaniyi zinachitika kumapeto, mantha atayamba kutsika.

Wapolisi wa galu uja anabweranso. Anapempha anzake kuti aike chikwama changa, chopanda kanthu tsopano, pakati pa zikwama zina zisanu m'khonde. Iye anayang'ana kumbali pamene ankaziyala. Kenako anabweretsa galu. Kagaluko kanadutsa choyamba, chachiwiri, chachitatu, ndipo pa chachinayi kanakhala pansi, gwa, ngati poyamba paja.

Wapolisiyo anapisa m'thumba n'kutulutsa mpira wa tenisi wakale, wothothoka ubweya, wonyowa ndi malovu a masiku ambiri. Anauponya pa chikwama pomwepo. Ndipo chosema chija chinasungunuka. Galuyo analumpha, anauwakha, anagubuduka, anathamanga mozungulira miyendo ya mbuye wake, makutu akuuluka. Bambo wa nkhope yolimba uja anagwada pansi n'kumalankhula naye ndi kamawu kakang'ono kamene timalankhulira ndi makanda.

Ndinaima pamenepo ndikunjenjemerabe pang'ono, ndipo ndinazindikira kuti galuyu analibe nane mlandu. Za ndege, za mabomba, za mwana wanga amene analira m'kachipinda muja, iye sankazidziwa. Maola awiri anga a mantha kwa iye anali masewera amene wapambana. Ankafuna mpira wake.

Mwana wanga, misozi itauma, analimba mtima.

"Ankolo, galu wanuyu anakhoza bwanji K8? Anatenga nthawi yaitali?"

Wapolisiyo sanamve. Mwanayo anafotokoza zonse, K1 ya tiana, K9 ya olusa, n'kumaliza ndi mawu amene ndinkawaopa: "Andiuza ndi adadi." Bamboyo anandiyang'ana. Anayesetsa kubisa kumwetulira, ndimuyamikire pamenepo.

"Tatchula K9 mofulumira," anamuuza. "Bwerezanso. Fulumira."

"Kei naini. Keinaini. Keinain."

"Eya. Amenewo ndi mawu achingerezi, canine. Amatanthauza galu. K8 kulibe, mwanawe. K1 kulibenso."

Nthabwala imene tinailandira osaseka

Ndiye nkhani yonse ndi imeneyo. K9 ndi masewera a mawu. Ukatchula chilembo K ndi nambala 9 m'Chingerezi, zimamveka ngati canine, mawu amene anachokera ku Chilatini, kumene galu ndi canis. Mawu omwewo ndi amene madokotala a mano amatchulira mano anayi osongoka amene tonsefe tili nawo m'kamwa. Palibe giredi, palibe chinsinsi cha asilikali. Ndi kalembedwe kachidule, kofanana ndi kamene achinyamata amalembera mameseji pa foni, kungoti aka kanayamba mafoni a m'manja kulibe.

Chimene chinafalitsa dzinali ndi nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Japan itaphulitsa Pearl Harbor, doko la zombo zankhondo za America, mu December 1941, anthu okonda agalu ku America anayambitsa bungwe la Dogs for Defense, lopempha mabanja kuti apereke agalu awo kunkhondo. Pa 13 March 1942 gulu lankhondo la dzikolo linavomereza ntchito yophunzitsa agaluwo, ndipo anthu anayamba kuitchula K-9 Corps. Silinali dzina la m'mabuku a boma, koma ndi limene linakakamira. Agalu oposa 10,000 anaphunzitsidwa m'malo ngati Front Royal ku Virginia ndi Fort Robinson ku Nebraska. Tangoganizani: agalu a pakhomo, ozolowera kusewera ndi ana, kukwezedwa sitima kupita kukalondera magombe ndi mafakitale, ena mpaka kunkhondo kwenikweniko. Mpaka lero ku America ena amakumbukira 13 March ngati tsiku la agalu amene anagwirapo ntchito yausilikali.

Agalu a polisi okha anayamba kale dzinali lisanatchuke. Mzinda wa Ghent ku Belgium unayamba kuwaphunzitsa mwadongosolo mu 1899, chaka chomwecho chimene Max von Stephanitz anakhazikitsa bungwe la agalu a mtundu wa German Shepherd ku Germany. Koma Mbelijiyamu kapena Mjeremani sakanapeka K9, chifukwa nthabwalayi imagwira m'Chingerezi mokha. Mfalansa 9 amati neuf, Mjeremani amati neun, ndipo ukaphatikiza ndi K sipatuluka galu aliyense. Apolisi a ku France amati brigade cynophile, a ku Germany amati Diensthund, kutanthauza galu wa ntchito. Ngakhale ku Britain, kwawo kwa Chingerezi, apolisi amakonda kungoti police dog n'kulemba PD kutsogolo kwa dzina la galuyo. K9 ndi ya ku America, ndipo inayenda dziko lonse kudzera m'mafilimu ndi pa zitseko za magalimoto a polisi.

Ife olankhula Chichewa tili pamalo oseketsa. Manambala timawatchula m'Chingerezi tsiku ndi tsiku, choncho keinaini timanena bwinobwino, katchulidwe kolondola, koma mawu akuti canine sitiwagwiritsa ntchito. Timanena nthabwala ya eni ake molondola osadziwa kuti ndi nthabwala. Mpata umene watsalawo aliyense amaudzaza ndi zake. Ine ndinaudzaza ndi magiredi. Mnzanga wina nditamufotokozera anaulula kuti iye ankayesa K9 ndi mtundu wa galu, uja wa makutu oimirira. Wina ankati K ikuimira mawu achingerezi otanthauza wakupha.

Chifukwa chake sanauwe

Funso limene linandivutitsa masiku otsatira linali lakuti: chikwama chochapidwa, chaka chathunthu chitadutsa, anamva bwanji?

Mphuno ya munthu ili ndi timaselo tomvera fungo pafupifupi 6 miliyoni. Ya galu, malinga ndi mtundu wake, imafika 200 kapena 300 miliyoni. Komanso kapangidwe kake ndi kena. Mukayang'anitsitsa mphuno ya galu muona timing'alu m'mbali. Mpweya wotuluka umadzera mmenemo, kotero sukankhira kutali fungo limene lili kutsogolo. Akamanunkhiza mwakhama amakoka mpweya kasanu pa sekondi imodzi. Ndi fu fu fu ija ndinaimva pa zipi. Sopo wa achemwali anga anachotsa dothi, koma m'zosokerera munatsala zokwanira.

Kaphunzitsidwe kake ndi mpira uja. Ophunzitsa amasankha galu wokonda chidole mopenga, amene angagwetse nyumba pofuna mpira umene wagwera kuseri kwa kabati. Amamubisira chidolecho pamodzi ndi fungo limene akufuna kuti adziwe, kambirimbiri, mpaka m'mutu mwake fungolo ndi mpira zimakhala chinthu chimodzi. Pali mphekesera yakuti agalu ofufuza mankhwala ozunguza bongo amawadyetsa mankhwalawo kuti azikhala ndi chibaba. Ndi bodza lofanana ndi langa la magiredi. Mankhwala amenewo galu angamuphe. Chibaba chake ndi cha mpira.

Nanga kukhala pansi kuja? Agalu ena, makamaka akale ofufuza mankhwala, ankaphunzitsidwa kukanda ndi kuuwa pamene apeza fungo. Wofufuza mabomba sungamuphunzitse zimenezo, pa chifukwa chimene aliyense angachione: sufuna zikhadabo pa chinthu chimene chingaphulike. Amaphunzitsidwa kukhala pansi kapena kuuma chiimire, maso ali pamalopo. Ndiye pamene ine ndinkaseka kuti kagalu katopa, iko kanali kakukuwa ndi mphamvu zake zonse m'chinenero chimene awiri okha pamzerepo ankachimva, iko ndi mbuye wake.

Ngakhale kuchepa kwake ndi makutu olendewera aja sizinali zangozi. Ntchito yothamangitsa ndi kugwira munthu imapatsidwa kwa German Shepherd, Dutch Shepherd, ndi Belgian Malinois, amene dzina lake linachokera ku mzinda wa Mechelen, umene Afalansa amautchula Malines. Koma pakati pa anthu ambiri, pamene pali ana ndi okalamba, amakonda Labrador, spaniel ndi beagle. Mu 2018 bungwe la TSA, loona za chitetezo pa mabwalo a ndege ku America, linanena poyera kuti likukonda agalu a makutu ogwa chifukwa saopsa apaulendo. Onsewa ndi K9. Dzinali silinena za mtundu wa galu kapena ukali wake. Limanena kuti galuyu ali pa ntchito.

Mbali ina ya chingwe

Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Tsiku lija mwambiwu unapherezera: chikwama chinalidi ndi kanthu, ngakhale kanthuko sikanali koopsa. Koma ndakhala ndikuganizira chinthu chimodzi chimene wapolisi uja anachita. Pamene anzake ankayala zikwama m'khonde, iye anayang'ana kumbali. Nthawi imeneyo ndinkayesa ndi mwambo chabe. Pano ndikuona kuti pa zonse zimene anachita tsiku lija, chimenecho ndiye chinali chanzeru kwambiri.

Galu sakandira pachabe, inde, koma chifukwa chake chokandira sichikhala fungo nthawi zonse. Nthawi zina chimakhala nkhope ya mbuye wake.

Mu 2011 Lisa Lit ndi anzake a pa yunivesite ya California ku Davis anasindikiza kafukufuku amene sanasangalatse anthu ambiri a ntchitoyi. Anatenga magulu 18 a galu ndi womuyendetsa n'kuwauza kuti afufuze zipinda za tchalitchi china. M'zipindamo munalibe mankhwala kapena zophulitsira zilizonse. Koma oyendetsa agaluwo anauzidwa kuti pamene pamatidwa pepala lofiira ndi pamene pabisidwa fungo. Agaluwo anasonyeza kuti apeza kanthu maulendo oposa 200, ndipo malo amene izi zinachitika kwambiri ndi pa mapepala ofiira paja. Pepala lofiira kwa galu silitanthauza kanthu. Amene ankaliwerenga ndi munthu, ndipo galu ankawerenga munthuyo: kuchedwa pang'ono pamalopo, kulimba kwa chingwe, kapumidwe.

Si zachilendo. Ku Berlin kunali hatchi yotchedwa Hans imene anthu ankakhulupirira kuti imadziwa masamu, chifukwa inkaponda pansi kuwerengera yankho. Mu 1907 katswiri wa zamaganizo Oskar Pfungst anaonetsa kuti hatchiyo inkangoona thupi la wofunsa likumasuka ikafika pa nambala yoyenera. Wofunsayo sankadziwa n'komwe kuti akupereka chizindikiro. Galu amene wakhala ndi munthu mmodzi usana ndi usiku kwa zaka zisanu amamudziwa munthuyo kuposa mmene Hans ankadziwira aliyense.

Apa ndi pamene ndimaona kuti kachidule aka kamabisa kanthu. Tikamva K9 timaona galu. Koma pa ntchito, K9 ndi awiri, ndipo mwa awiriwo amene ali ndi maganizo pa za anthu ndi wogwira chingwe. Galu sasankha munthu chifukwa cha khungu, zovala kapena pasipoti. Munthu amatha kutero, ngakhale mosadziwa, ndipo maganizo ake amatsika ndi chingwe. Nkhaniyi si yaing'ono, chifukwa kukhala pansi kwa galu kumatsegula zikwama ndi zitseko. Mu 2013 khoti lalikulu la ku America linagamula, pa mlandu wa Florida v. Harris, kuti chizindikiro cha galu wophunzitsidwa bwino chingakhale chifukwa chokwanira chosechera galimoto. Chaka chomwecho, pa mlandu wa Florida v. Jardines, khotilo linati kubweretsa galu kuti anunkhize pakhonde la nyumba ya munthu ndi kusecha kale, ndipo pamafunika chilolezo cha khoti. Oweruza akuluakulu a dziko kukhala pansi kukambirana za mphuno ya galu, kawiri m'chaka chimodzi.

Ndipo pali zoipa kuposa kusechedwa pachabe. Zithunzi za ku Birmingham, Alabama, ku America, mu May 1963, pamene apolisi olamulidwa ndi Bull Connor, mkulu wa zachitetezo mumzindawo, anakhwirizira agalu anthu akuda ochita zionetsero zofuna ufulu, ena mwa iwo ana asukulu, zilipobe. Ku South Africa nthawi ya tsankho galu wa polisi anali chizindikiro cha mantha kwa anthu akuda. Agalu amenewo sanali oipa kuposa kagalu kanga ka pa bwalo la ndege. Nawonso ankachita zimene anaphunzitsidwa kuti asangalatse wogwira chingwe. Choncho munthu akandiuza kuti amaopa galimoto yolembedwa K9, sindimuseka.

Agalu ambiri a ntchito yogwira anthu amagulidwa ku Ulaya, ndipo amabwera atazolowera kale kulamulidwa m'Chijeremani, m'Chidatchi kapena m'Chitcheki. Ndiye mumapeza wapolisi wa ku Texas akukuwa sitz kuti galu akhale, platz kuti agone. Mwa mawu onsewa amene ndimawaona ofunika kwambiri ndi aus, kutanthauza siya. Kuluma galu aliyense amatha. Wophunzitsidwa ndi amene mano ali kale m'nyama, magazi akuthamanga, amva liwu limodzi n'kutsegula kukamwa.

Ngati nambala ya katundu

Ndabwerera kangapo ku funso lakuti n'chifukwa chiyani bodza langa linkamveka loona. Ndikuganiza kuti ndi chifukwa chakuti K9 imaoneka ngati nambala yolembedwa pa bokosi la zida. Ndipo kwa nthawi yaitali, m'maso mwa malamulo, agaluwa anali zida basi.

Galu wotchuka wa nkhondo yachiwiri, Chips wa asilikali a America, amene mu 1943 ku Sicily, chilumba cha ku Italy, analumphira malo amene adani ankaomberako mfuti yachiwaya, anapatsidwa mendulo, kenako akuluakulu anailanda ponena kuti mamendulo si a nyama. Komabe iye anabwerera kwa banja limene linamupereka, monga anachitira agalu ambiri a nkhondo imeneyo. A ku Vietnam sanaone mwayi umenewo. America inatumiza agalu pafupifupi 4,000 kumeneko, ndipo amene anatulukako anali pafupifupi 200. Ena anafera kunkhondo ndi matenda, koma ambiri otsalawo anawerengedwa ngati katundu wotsala: anasiyidwa kapena kuphedwa. Asilikali amene ankagona nawo m'nkhalango anakwera ndege okha. Lamulo lolola kuti galu wankhondo wopuma ntchito atengedwe ndi banja, lotchedwa Robby's Law, linadza mu 2000.

Ku Britain nkhani yake ndi ya Finn, German Shepherd amene mu 2016 anabayidwa ndi mpeni ku Stevenage poteteza wapolisi womuyendetsa, Dave Wardell. Finn anapulumuka atachitidwa opaleshoni. Koma pa kuvulala kwakeko wobayayo anaimbidwa mlandu wowononga katundu, ngati waswa windo la galimoto. Anthu anakwiya, ndipo mu 2019 kunakhazikitsidwa lamulo loteteza nyama zogwira ntchito, limene anthu amalitchula Finn's Law.

Sindikufuna kupita mbali inayo, ya anthu amene amalankhula za agaluwa ngati asilikali amene analumbira kufera dziko. Galu sanalembe kalata yofunsira ntchito. Frida, Labrador wa asilikali apamadzi a ku Mexico amene dziko lonse linamudziwa pa chivomerezi cha 2017 atavala magalasi ndi tinsapato, sankadziwa kuti ndi ngwazi. Ankafuna fungo la munthu pansi pa zigumukire chifukwa kuseri kwa fungolo kunali mphotho ndi mawu okoma a mbuye wake. Kwa ine zimenezi sizichepetsa ntchito yake. Zimangoonjezera ngongole ya anthu amene anamuika pamenepo. Galu wotere amagwira ntchito mpaka atakwanitsa zaka zakubadwa zisanu ndi zitatu kapena khumi, mafupa n'kuyamba kuphwanya. Satuluka thukuta ngati ife, amaziziritsa thupi ndi wefuwefu, ndipo galu wa wefuwefu sanunkhiza bwino, choncho amafunika kupumitsidwa pafupipafupi. Agalu a polisi angapo afera m'magalimoto otentha ataiwalidwa ndi anthu awo omwe, n'chifukwa chake magalimoto ambiri a K9 masiku ano ali ndi alamu yolira kutentha kukakwera.

Kajekete si ntchito

Chiyambireni tsiku lija ndimaziona zilembozi paliponse. Pa makampani a alonda, pa sukulu zophunzitsa agalu, pa matumba a chakudya cha agalu. Palibe mwini wake wa mawuwa, ndipo kajekete kolembedwa K9 aliyense angagule pa intaneti. Pafupi ndi kwathu pali bambo wina amene amayenda ndi galu wake wonenepa atamuveka kotero. Galuyo amakoka mbuye wake kupita kumene iye akufuna, ndipo akaona mphaka zonse zimathera pomwepo. Mwa tanthauzo la mawu, bamboyo sakunama: canine ndi galu, ndipo uyu ndi galu. Mwana wanga ndi amene amavutika nazo. Amati ameneyo ndi K1.

Kumbali ina, pali agalu ogwira ntchito yolemera amene dzinali sapatsidwa kawirikawiri. Galu wotsogolera munthu wosaona, kapena wochenjeza wodwala shuga, kapena woweta nkhosa, anthu samutchula K9. Dzinali linakhazikika pa yunifolomu: polisi, asilikali, a kasitomu, a ndende, opulumutsa anthu pa ngozi, ndi oteteza nyama zakutchire kwa opha nyama mozemba. Chimene onsewa amafanana n'chakuti akavala kajekete safunika kugwiridwa, kuimbiridwa likhweru kapena kupatsidwa chakudya. Mwana wanga anapempha kuti asisite kagalu kaja tisanachoke. Wapolisiyo anayamba wakavula kajekete, kenako anati, "Tsopano ungathe, waweruka."

Chikwama

Tinakwera ndege ya madzulo, katundu wathu ali m'chikwama china. Cha alamu anadzatenga ndi mnzanga amene anatiperekeza, ndipo chinakhala kwa iye mpaka tinabwerako.

Tsiku lokabweza, alamu anandilandira akuseka kale. Anachitenga, anatsegula kathumba ka m'mbali kaja, analowetsa mphuno yonse n'kukoka mpweya kawiri, katatu.

"Alamu, ine sindikumva kanthu. Sopo yekhayekha."

Anandipatsa. Ndinanunkhiza nanenso, nthawi yaitali kuposa mmene munthu wamkulu ayenera kununkhizira chikwama pakhonde la eni ake. Sopo, ndi kafungo ka nsalu yakale. Mwana wanga anatilanda, ananunkhiza, anatiyang'ana tonse awiri, kenako anakhala pansi, gwa, maso ali pa zipi.